TV Yooneka Ngati Chithunzi Chapakhoma: Ndi ya Ife a pa Ntaja?

Awa ndi mawu amene ndinayankhula pamsonkhano wa kalabu Loweruka lapitali. Alembi athu anandikakamiza kuti ndiwalembe kuti amene munajomba, komanso anzathu amene muli kutali, muwerenge nanu.

 Ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa mkangano umene watenga sabata ziwiri pagulupu yathu ya WhatsApp ndinauyambitsa ndine. Ndine ndinaponya kavidiyo kaja ka TV yooneka ngati chithunzi chopachika pakhoma. Ndimangofuna kuti tidabwe limodzi basi, koma kutacha ndinapeza mauthenga osawerengeka. Ena akuti ndalama zimene takhala tikusonkha zogulira TV yoonetsera mpira tiwonjezere, tidikire, tigule yomweyo kuti holo yathu ikhale yosiyana ndi ena onse. Ena akuti imeneyo ndi misala. Mpaka anthu awiri anatuluka m'gulupu, ndipo ndaona mmodzi wakhala kumbuyoko, takulandirani. Ndiye poti moto ndinayatsa ndine, a tcheyamani anati ndikafufuze bwinobwino ndidzakuuzeni.

Ine si wokonza ma TV. Ndinamaliza Fomu 4 ndipo ndikudikira kolowera ngati ambiri a inu. Koma nkhaniyi inandipeza kunyumba isanafike kuno, n'chifukwa chake ndaithera bandulo yambiri.

Kavidiyo kaja anajambula ndi achimwene anga amene ali ku Joni. Amagwira ntchito panyumba ya bwana wina, kusamala maluwa panja, masiku ena kukonza m'nyumba. Akuti atangoyamba ntchito anapeza pabalaza pali chithunzi chachikulu cha nyanja ndi mapiri, cha felemu ngati yamatabwa, ndipo ankachipukuta fumbi mwaulemu ngati zithunzi zina zonse. Chimene chinkawazunguza mutu n'choti lero pali nyanja, mkuja pali maluwa. Iwo ankangoti kaya adona amasintha usiku. Tsiku lina madzulo bwana uja anatola rimoti patebulo n'kudina, nyanja ija n'kusanduka azibambo onenepa akulimbirana mpira wa ragibe. Achimwene akuti tsache linagwa lokha m'manja.

Kuyambira tsiku limenelo mtima wawo uli pa TV imeneyo, ndipo akuti ilowe m'nyumba imene akumangira amayi. Nyumbayo ena mwa inu munaiona. Chaka chachinayi tsopano ikumangidwa. Malata anakhoma, pabalaza anapaka pulasitala, magetsi analowa chaka chatha, koma zipinda ziwiri pansi pake ndi dothi, ndipo mawindo akumbuyo tinangotseka ndi njerwa. Mng'ono wanga ali Fomu 2, fizi yake imachokera m'thumba lomwelo. Ndiye mukaona ndikuyankhula motentha pena, mundimvetse. Kwa ine si nkhani ya kavidiyo chabe.

Tsono chinthuchi n'chiyani kwenikweni? Dzina lake ndi The Frame, ya kampani ya Samsung ya ku South Korea. Inatuluka mu 2017, ndipo maonekedwe ake anathandiza kukonza ndi katswiri wina wochokera ku Switzerland, Yves Béhar. Mkati mwake ndi TV ngati pulazima zimene mumaziona m'mashopu ku Liwonde kapena ku Limbe. Kusiyana kwake n'koti ndi yopyapyala ndipo imamatirira kukhoma osasiya mpata, m'mbali mwake mumavekamo felemu yogwira ndi maginito, ndipo mukaizimitsa sida bii ngati zinazi, imaonetsa chithunzi chojambula pamanja. Kuyambira mu 2022 galasi lake analipanga losanyezimira, moti ukaliyang'ana limaoneka ngati pepala kapena nsalu yopaka penti. Ili ndi kadiso koona kuwala kwa m'chipinda, kamene kamachepetsa kuwala kwa chithunzi kukamada kuti chisaoneke ngati nyali. Ilinso ndi kena koona ngati m'chipindamo muli munthu, mukakhala mulibe kwa kanthawi imadzizimitsa yokha. Malonda ake anayenda bwino moti makampani a Hisense ndi TCL nawonso anatulutsa zawo zotengera nzeru yomweyo mu 2024.

Wina analemba pagulupu kuti chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Aise, pamenepo sindikuvomereza. TV imeneyi mkati mulibe nyerere, anthu anaiganizira ndipo imachita zimene anailonjeza. Funso limene linanditsegula mutu ndi lina: kodi ndalama yowonjezera imene munthu amalipira pa TV imeneyi, poyerekeza ndi TV wamba ya msinkhu womwewo, imagula chiyani? Simagula mpira wooneka bwino kuposa pa zinazo ayi. Akatswiri oyesa ma TV amanena kuti pa ndalama yomweyo mutha kupeza ina yoonetsa bwino kuposa iyi, makamaka pa mafilimu a mdima. Chimene ndalama yowonjezerayo imagula ndi maola amene palibe amene akuonera TV. Mwamvatu? Mukulipirira nthawi imene TV yazimitsidwa.

Anthu a kumene inapangidwira anali ndi vuto lawo. Pabalaza pawo ndi pokonzedwa bwino, makoma oyera, zithunzi zodula, ndiye chinthu chachikulu chakuda pakatikati pa khoma chimawanyansa. Amafuna TV, koma safuna kuti ioneke kuti ndi TV. Tsono tadzifunsani, vuto limenelo ife tili nalo? Kuno TV ikazima amayi amaiveka kansalu koluka, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Imakhala pamalo aulemu pabalaza kuti mlendo akangolowa aione. Dishi timaikhoma kutsogolo kwa nyumba, osati kuseri. Ndipo sindikuseka aliyense, chifukwa pali chifukwa chake. Dziko lathu linayamba kukhala ndi wailesi yakanema yakeyake mu 1999, pamene TVM inatsegulidwa. Makolo athu anakula opanda chinthuchi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi ndi zimene zimaunikira magetsi, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsikirapo kwambiri. M'dziko lotere, TV yozima payokha ndi chokongoletsa kale. Kugula TV yodzibisa kuli ngati kugula njinga yamoto yatsopano n'kuipaka matope kuti izioneka ngati yakapalasa.

Koma tisiye za ulemu, tikambe za magetsi, chifukwa mtima wa nkhaniyi uli pamenepo. Chithunzi chimene TV imeneyi imaonetsa si penti. Ndi kuwala. Kumbuyo kwa galasi kuli timagetsi toyaka, ndipo tikazima chithunzi chapita. Ndiye kuti magetsi akathima, chimene chatsala pakhoma ndi bolodi lakuda la felemu yokongola. Ku Joni nakonso magetsi amathima, koma bwana wa achimwene ali ndi masola padenga ndi mabatire odzadza kabati. Ife tikudziwa mmene zimakhalira kuno. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi, Shire yemweyu timawoloka pa Liwonde, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mukukumbukira Januwale wa 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira ku Chikwawa? Mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti abwerere. Ambiri a ife nthawi imeneyo tinali kusekondale, timawerenga ndi tochi ya foni. Tayerekezani muli ndi chithunzi chanu cha mamiliyoni pakhoma miyezi yonse ija. Mlendo akabwera mukanamuuza kuti adikire magetsi kuti aone kukongola kwa nyumba yanu.

Ndipo ngakhale magetsi alipo, chithunzicho chimadya mayunitsi. Chimadya pang'ono poyerekeza ndi nthawi yoonera mpira, zimenezo n'zoona, komanso kadiso kaja kamathandiza. Koma tiyeni tiwerengere limodzi, masamu ake ndi a Sitandade 7. Yuniti imodzi ndi mawati 1,000 oyaka kwa ola limodzi. Tingoyerekeza kuti chithunzicho chikukoka mawati 40, ndipo chikuyaka maola 10 patsiku poti pabalaza pathu sipasowa munthu. Ndi mawati 400 patsiku, pamwezi mayunitsi 12. Kwa bwana uja imeneyo si nkhani. Koma kwathu, kumene mita ikayamba kulira amayi amazimitsa babu la pakhonde, mayunitsi 12 ndi masiku angapo a kuwala m'nyumba monse. Ndikuwadziwa amayi anga. Sabata yoyamba adzaisiya iziyaka kuti anzawo a kumpingo ndi a kubanki m'khonde aione. Sabata yachiwiri adzazimitsa pa soketi, n'kufunafuna kansalu koluka.

Za zithunzi zenizenizo palinso nkhani. TV imabwera ndi zithunzi zochepa zaulere, ndipo zanu mutha kuikamo kuchokera pa foni kapena pa fulashi osalipira kanthu. Koma zija zodziwika dziko lonse, zochokera m'nyumba zosungira zaluso ngati Louvre ya ku Paris kapena Van Gogh Museum ya ku Amsterdam, zili mu chimene amachitcha Art Store, ndipo kumeneko mumalipira mwezi ndi mwezi, ku America pafupifupi madola 5. Pamafunika intaneti ya m'nyumba ndi khadi la kubanki lolipirira kunja. Ife ndalama zathu zili pa Airtel Money ndi pa Mpamba, ndipo intaneti yathu ndi bandulo ya pafoni imene timaiwerengera ngati mchere. Apa pamabwera chinthu choseketsa. Ngati mapeto ake tiziikamo zithunzi zathu za pa fulashi, dziwani kuti pulazima wamba iliyonse yokhala ndi pobayira fulashi imatha kuonetsa zithunzi chimodzichimodzi. Sizingaoneke ngati pepala, galasi lizinyezimira, koma nkhope ya agogo ndi yomweyo.

Chimene chinandiopsa kwambiri ine n'chimene simungachione pa kavidiyo. Kuti TV imeneyi ikhale yopyapyala chonchija, zambiri za m'mimba mwake anazichotsa n'kuziika m'kabokosi kapadera kotchedwa One Connect. Dikoda, fulashi, magetsi, zonse mumabaya m'kabokosi kameneko, ndipo kuchoka apo kupita ku TV pamayenda kawaya kamodzi kowonda ngati chingwe cha mbedza, koti patali simungakaone. N'zokongola zedi. Koma kawaya kameneko si ka mtundu uja mungakapeze pa benchi mumsika. Khoswe akakaluma, kapena mwana akakakoka, TV yonse yaima, ndipo muyenera kuyitanitsa kena kofanana nako ndendende kuchokera kunja. Kabokosi kakapsa ndi chimodzimodzi. Nonse mukudziwa mmene magetsi amabwerera nthawi zina akathima, amabwera mwaukali. Kwa aneba athu chaka chatha tsiku limodzi lokha anataya TV ndi ma chaja atatu. Yawoyo inali wamba, mnyamata wokonza mawailesi pamsika paja anaitsegula, anasintha kachitsulo kamodzi, mpaka lero ikuonetsa. Ndinapita kwa mnyamata yemweyo ndi kavidiyo kathu kaja. Anayang'ana kawiri, n'kuseka, n'kunena kuti, "Imeneyo ikafa mudzangoisiya pakhomapo, si mwati ndi chithunzi?"

Pali khoma lenilenilo. Kuti bodza la chithunzi ligwire, khoma liyenera kukhala losalala ndi lowongoka, lolimba moti zomangira n'kugwira. Pabalaza pa amayi mwina zingatheke. Koma holo yathu ino tayang'anani nokha, njerwa zili pamtunda, denga limadontha pakona apo, ndipo mwezi wa Okutobala fumbi la mumsewu limalowa ngati lalipira pakhomo. Galasi losanyezimira lija salipukuta ndi chisanza chilichonse.

Mtengo ndausiya dala kuti ubwere mochedwa, chifukwa ndikanayamba nawo simukanamvera zinazi. Ku America, ya mainchesi 55 mtengo wake wa m'shopu umapitirira madola 1,000, ndipo felemu ija, imene ndi mwini nkhani, nthawi zambiri amagulitsa payokha. Kwacha yathu anaigwetsa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuigwetsanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, pafupifupi K1,750 pa dola, madola 1,000 ndi K1,750,000. Koma ndani wa ife anapezapo dola kubanki pa mtengo umenewo? Wamalonda amene wabweretsa katundu amawerengera mtengo wa kunja kwa banki, umene ndi wokwera kutalitali. Ikani pamwamba msonkho wa pachipata ndi ya thiransipoti. Ndiye muganizirenso ulendo wake: kuchoka ku Johannesburg, Beitbridge, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, Mwanza, mpaka kudzafika pa Liwonde n'kukwera kuno, makilomita oposa 1,500, galasi lopyapyala lili m'ngolo pamodzi ndi mafiriji, njinga ndi zikwama za anthu ena. Zambiri zimafika bwino, sindikukana. Koma ikafika ndi mng'alu, kapena ikadzafa patatha miyezi itatu, pepala la galanti lili m'chikwama ku Joni, shopu yake ili ku Joni, TV ili pa Ntaja. Ngakhale pulagi yake idzafika ya mano obulungira, soketi zathu ndi za mano a makona, koma imeneyo ndi nkhani yaing'ono, adaputa ilipo pamsika.

Kuti ndisakhale wokondera, alipo amene TV imeneyi ingawayenere, ngakhale m'boma lathu lino la Machinga. Mwini loji ya alendo odzaona nyama ku Liwonde National Park, amene ali ndi sola yamphamvu ndipo akufuna chipinda chizioneka bwino ngakhale mlendo sakuonera kanthu, ameneyo akagula sindingamudabwe. Ofesi yolandirira anthu, chimodzimodzi. Galasi losanyezimira lija ndi labwinodi pamalo owala kwambiri, poti zenera silionekera pa sikirini. Munthu amene nyumba anamaliza, ana fizi ikulipiridwa, batire ali nalo, ndipo mtima wake wakonda, ndalama ndi zake. Ine sindikuti chinthu chokongola n'chosayenera Mmalawi. Mawu amenewo ndimadana nawo.

Koma ife a kalabu tikufuna TV yoti itipangire ndalama. Tikufuna Loweruka ndi Lamulungu anthu adzadze muno kuonera Premier League, kapena tsiku limene Bullets yakumana ndi Wanderers, aliyense alipire pakhomo. Pa ntchito imeneyo maola amene TV yazima alibe phindu, holo imakhala yokiya. Palibe amene adzalipire kuti aone maluwa a Van Gogh pa hafu taimu. Chimene woonera mpira amafuna n'choti sikirini ikhale yaikulu, amene wakhala pambali aone bwino ngati wapakati, mawu amveke mpaka benchi lomaliza, ndipo koposa zonse mpira usaduke. Taganizani bwino, tsiku limene tingapange ndalama zambiri ndi liti? Ndi tsiku limene magetsi athima pa Ntaja ponse, amene ali ndi ma TV m'nyumba zawo atuluka kufunafuna koonera. Tsiku limenelo wopambana si amene ali ndi TV yokongola, ndi amene ali ndi batire. Tinazionapo tokha, anthu kuchoka m'holo ina mpira uli mkati, kuthamangira kumene kukulira jenereta, ndalama yolowera n'kukwera pomwepo.

Ndiye maganizo anga pa ndalama za kalabu ndi awa. Tigule TV wamba yaikulu bwino, ya kampani yodziwika, m'shopu ya m'dziko momwe muno yopereka lisiti ndi galanti, yoti ikavuta tikhoza kuinyamula pa minibasi n'kukaibweza. Zotsala zipite ku batire, inveta ndi sola yoti izitchaja, TV guard yoteteza magetsi aukali aja, sipika, ndi ndalama yolipirira dikoda miyezi ingapo yoyambirira kuti tisayambe ndi ngongole. Tikhomerenso kabokosi kachitsulo kokiya, chifukwa wina ananena pagulupu kuti ubwino wa TV yachithunzi ndi woti wakuba angaipitirire poyesa ndi chithunzi. Wakuba wa pa Ntaja amakhala ataoneramo mpira dzulo lake, amadziwa pamene ili.

Koma amene mumafuna kuti holo yathu ikhale ndi chokongola pakhoma, musaone ngati ndakutayani. Inu ndi amene mwanena chinthu chimene chandikhalitsa pansi kwambiri. Zojambula pakhoma si nzeru yochokera ku Korea. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala, zina za Akafula, zina za makolo a Achewa, ndipo mu 2006 UNESCO inawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse. Zakhala pamenepo zaka mazanamazana, mvula ndi dzuwa, popanda yuniti ngakhale imodzi. Ku Mua kuli Kungoni, malo a zaluso amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kumene anthu a m'midzi yozungulira aphunzira kusema ndi kujambula mpaka ntchito zawo kumagulidwa kunja. Ngakhale konkuno, anganga anga ankati akazira nyumba amatenga dothi lofiira, lakuda ndi loyera n'kulemba mizere ndi maluwa kuzungulira khoma lonse. Ndipo tayendani pamsika muone zithunzi za pa mababashopu ndi pa magolosale, akujambula ndi anyamata anzathu omwewa. Muno m'kalabu tili ndi awiri amene ankadzadza makope a Biology ndi nkhope za aphunzitsi, sinditchula mayina, akudzidziwa. Ndalama imene ikanagula felemu yokha ya TV ija ingagule penti wokwanira khoma lonse ili. Atijambulire Chikala ndi nyanja ya Chiuta, kapena chimene angagwirizane, TV ikhale pakati.

Nditsirize ndi za kunyumba, poti ena mwandifunsa panja kuti zinatha bwanji. Zonse ndakuuzanizi ndinawauza achimwene pa foni, mayunitsi, kawaya, msonkho, zonse, ndili ndi kope m'manja ngati loya. Anandimvera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Iwe, ukuganiza kuti ine sindidziwa kuti magetsi amathima? Ndinakulira komweko. Ine ndikufuna munthu akalowa m'nyumba ya amayi adziwe kuti mwana wawo sanapite kukasewera." Ndinasowa choyankha, anzanga. Chifukwa ndikudziwa mmene timawanenera anthu obwera ku Joni ndi kachikwama kokha, ndipo inenso ndinasekapo nawo. Munthu akupukuta chinthu tsiku ndi tsiku m'nyumba ya eni, akugona m'kachipinda kakuseri, mapepala akumuvuta, ndiye akulota kuti tsiku lina chinthu chomwecho chidzakhale pakhoma la mayi ake. Masamu anga a mawati sakanayankha zimenezo. Ndinangoti, "Achimwene, simenti ya m'zipinda ndi mawindo nazonso anthu amaziona." Anati aganiza.

Mawa lake ndinawaonetsa amayi kavidiyo kaja, n'kuwafotokozera kuti ndi TV koma ikazima imasanduka chithunzi. Anaonera kawiri, mwakachetechete. Kenako anandibwezera foni n'kunena kuti, "Ngati nkhani ndi chithunzi, umuuze anditumizire chake, ndikachapitse ndipachike. Zaka zinayi nkhope yake ndikuionera m'kafoni kakoka." Mawu amenewo ndinawatumiza ku Joni momwe analili, osawonjezera. Nkhupakupa ziwiri zija zinasanduka zabuluu usiku womwewo, koma yankho mpaka lero silinabwere, ndipo sindikuwafulumizitsa.

Za kalabu zokha ndi zimene tingamalize lero. A tcheyamani, ndikupempha kuti tisanabalalike tisankhe anthu awiri, mmodzi akhale msungichuma, oti sabata ikubwerayi apite ku Liwonde, ngati n'kotheka mpaka ku Limbe, akafunse mitengo m'mashopu osachepera atatu. Akafunse TV ya mainchesi 50 kapena 55, batire ndi inveta yoti ingaiyendetse pamodzi ndi dikoda ndi sipika kwa maola anayi, ndiye kuti magemu awiri, ndipo akafunsitsitse kuti galanti ndi ya miyezi ingati komanso ikavuta amakonzera kuti. Mitengoyo akailembe papepala, asadzatiuze za pamtima. Ojambula athu awiri aja abweretse zoyeserera zawo papepala Loweruka likubwerali kuti tidzavote.